30,031 ndi Ajira

Lolemba, 10 Febuluwale

Mayeso osankha wopita ku mpikisano wa masamu ku boma atha. Malo ndi amodzi. Rabson 18, Ajira 17. Asiyana pa funso lomaliza: kodi 30,031 ndi pulaimu, yosagawika ndi nambala ina kupatula 1 ndi iyo yomwe? Rabson walemba eya. Ajira walemba ayi, mawu amodzi basi. Ndamuthetha. Dzina la Rabson ndapereka kale kwa ahedi, mayi Subira.

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Mwana uyu! Ndikulengeza zotsatira, Ajira dzanja m'mwamba: "Sala, imagawika." Ndinalemba pa bolodi njira yanga ija: chulukitsa mapulaimu oyambirira, onjeza 1. Upeza 3, 7, 31, 211, 2,311, onse mapulaimu. Ukafika pa 13 upeza 30,031, ndiye ikanirenji? Amati ayankhenso, ndinamudula: ukayamba kulandira malipiro a uphunzitsi udzandiuze. Kalasi yonse kuseka. Ndinamutuma kukatchetcha kuseri kwa ofesi.

Lachitatu, 12 Febuluwale

Ajira sanabwere. Zake zimenezo.

Lachinayi, 13 Febuluwale

Mayi ake abwera ku ofesi, mamba a usipa adakali m'manja. Akuti mwana wakana sukulu, akuti bola kuyanika nsomba. Ahedi akuti ndilembe umboni wonse woti 30,031 ndi pulaimu kuti nkhani ithe. Zaka khumi ndi ziwiri ndikuphunzitsa pa Nkope pano, lero ndizidzitchinjiriza kwa mwana wa Fomu 3? Zandinyansa.

Pa buleki ndinatenga kakyuleta n'kuyamba kugawa 30,031 ndi mapulaimu otsatira. 17 ayi, 19 ayi, 23, 29, mpaka 53, zonse zotsalira. Ndinayamba kuyimba kamluzu.

59.

509 ndendende, popanda chotsala. Ndinabwereza katatu, kenako pamanja, ngati kuti makinawo ndi amene ali ndi vuto. Nditatenga pepala la Ajira m'kabati n'kulitembenuza, kuseri konse kuli long'i divishoni ya pensulo, timanambala tating'ono mpaka m'mphepete, 59 × 509 atazunguliza. Ife timapereka mapepala a mbali imodzi, kuseri sindiyang'anako. Manyazi andigwira.

Lachisanu, 14 Febuluwale

Ahedi aimba foni ku boma, dzina lasinthidwa. "Rabson mukamuuza nokha, a Simioni." Ndamuuza. Anangoti chabwino Sala, maso pansi. Yankho lolakwikalo anaphunzira kwa ine.

Masana ndinapita kunyanja. Ndinamupeza Ajira pa thandala akutembenuza usipa. Ndinati unakhoza, upita ndiwe. Sanasiye n'komwe ntchito.

"Munandinyoza m'kalasi, Sala. Kuno kuli nsomba zokha."

Lolemba, 17 Febuluwale

Ajira wabwera, koma wakhala kumbuyo kwenikweni, buku lake chitsekere. Fomu 3 piriyodi yachitatu. Ndalemba pachikhatho zoti ndikanene pomupepesa, thukuta lafufuta.

Belu lalira.