Kampira Kachikasu Kamene Ndinagula Panjira

Durban
9 Ogasiti 2024

Achemwali anga a Tatu,

Asalamu aleikumu. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse. Kodi miyendo ya ababa ikuwalolabe kupita kumzikiti, kapena yayambanso kutupa ndi mwerawu? Nanga chifuwa cha Sabrina wanga chinatha? Ndinamva kuti nyanja chaka chino inafika mpaka pamene alamu amayanika usipa. Kodi madzi abwerera tsopano? Ine m'thupi ndili bwino, alhamdulillah, koma mumtima ayi.

Mudabwa kuti ndalemba papepala pamene foni ilipo. Foni ya pakhomopo imakhala m'manja mwa aliyense, ndipo ndikatumiza mawu mumamvera limodzi pakhonde. Izi ndikufuna muyambe mwazimva nokha. Ndapatsira a Yasini a ku Liwaladzi aja, amene akubwerera kumudzi pa basi ya Lamlungu.

Ndiyambe ndi bodza langa. Kushopu ya nsalu imene ndakhala ndikukuuzani ija ndinagwirako miyezi inayi yokha. Zaka zitatu zonsezi ndakhala ndikugwira ntchito ya m'nyumba kwa mayi wina wachizungu, wamasiye, wokalamba kwambiri, amene ndimangowatchula kuti Madamu. Amakhala okha. Ndinabisa chifukwa m'nyumbamo munali galu. Osati wapanja wolondera, koma wogona pampando, wodyera m'mbale yakeyake. Dzina lake anali Bisiketi, kagalu kofiirira ka miyendo ifupiifupi. Kumusambitsa, kumupatsa chakudya, kumuyendetsa pachingwe madzulo, yonseyo inali ntchito yanga.

Mukudziwa mmene tinakulira. Galu kwathu ndi uja wotola matumbo a nsomba pansi pa thandala loyanikirapo usipa, ana n'kumamugenda. Akandinyambita ndinkathamangira kumpopi wa kuseri, n'kutsuka pamalopo kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi dothi la m'maluwa a Madamu. Zovala za swala, zimene ndimavala popemphera, ndinkazisunga m'chikwama chotseka kuchipinda kwanga, kumene iye sankaloledwa kulowa. Zimenezi sindinasiye mpaka tsiku lake lomaliza. Koma sindikunamizani, ndinamuzolowera. Tsiku lina nditagona ndi malungo anakhala pakhomo pa chipinda changa osasuntha mpaka nditatuluka.

Pa zoseweretsa za galuyu Madamu anali osamala ngati mmene inu mumachitira pochotsa minga m'nsomba ya mwana. Ankati chidole cha galu chizikhala chachikulu, choti sichingalowe chonse m'kamwa, cha labala wolimba, chopanda timaso tomata kapena tizingwe tolendewera. Chikayamba kung'ambika ankachitaya tsiku lomwelo, ngakhale galuyo alire chotani. Ine ndinkaseka chamumtima kuti azungu asowa chochita.

Mu Juni fupa lake la labala linatha. Madamu anasiya kuyendetsa galimoto chifukwa cha maso, choncho anandilembera dzina la chidolecho papepala n'kundituma kushopu ya zinthu za ziweto m'tauni. Nditatsika minibasi ndinaona apolisi ataima pageti polowera kushopuyo, akufunsa anthu mapepala. Anga mukudziwa kuti anatha kalekale. Mayi wina ankakwezedwa m'galimoto yawo mwana ali kumbuyo. Ndinatembenuka n'kulowa m'kashopu ka m'mbali mwa msewu kogulitsa zidebe ndi zidole za ana. Mmenemo ndinagula kampira kachikasu, kofewa, kolira ukakafinya.

Kwa Madamu ndinanena kuti chimene analemba chija chatha m'shopu. Anakapapasa kampirako, n'kunena kuti kafewetsa, kakhale ka masiku ochepa basi, ndipo ndizimuyang'anira akamasewera nako.

Bisiketi anakakonda kuposa china chilichonse. Ankathamanga nako nyumba yonse kakulira tswii tswii, Madamu n'kumaseka mpaka kutsokomola. Tsiku lachitatu, ndikuchapa kuseri, ndinazindikira kuti m'nyumba mwangoti zii. Ndinakapeza kampirako kumbuyo kwa mpando katang'ambika pakati. Kawezulo ka pulasitiki ka m'kati mwake, kamene kankalira kaja, panalibe. Ndinasesa paliponse osakaona. Zidutswazo ndinataya m'bini ya panja, n'kuwauza Madamu kuti kampira kagwera m'ngalande.

Achemwali, apa ndi pamene pakundiwawa. Ndinkadziwa kumene kawezulo kapita. Ndinkangodzilimbitsa mtima kuti katuluka kokha, poti agalu akwathu amameza mitu ya kampango osafa. Mawa lake anakana chakudya. Tsiku linalo anayamba kusanza, mimba itauma gwa, akubuula ukamukhudza. Madamu anandifunsa kawiri ngati wadya chinthu chachilendo. Kawiri konse ndinakana. Ndinaulula m'mawa wotsatira, tili m'galimoto ya aneba kupita kwa dokotala wa ziweto, galuyo ali pamiyendo panga.

Anamuchita opaleshoni tsiku lomwelo, koma matumbo anali atawola kale. Sanadzukenso. Dokotalayo, mtsikana wamng'ono kwa ine, anabweretsa kawezulo m'kambale n'kundionetsa. Kanali kochepa ngati mtedza wosasenda. Sanandikalipire. Anangoti tikanabwera naye tsiku loyamba lija bwenzi atakachotsa mosavuta.

Dzenje ndinakumba ndekha pansi pa mtengo wa mandimu. Ndinamunyamula ndi manja angawa, ndipo ndinalira, ine mwana wa a Abdulwahab, kulirira galu. Madamu sanalire. Titalowa m'nyumba anandifunsa chinthu chimodzi chokha, kuti Amira, zaka zitatu zonsezi ndinakumenyapo kapena kukutukwana, kuti uziopa kundiuza? Za apolisi ndinawafotokozera. Anati zimenezo akuzimvetsa, nawonso akanathawa. Zimene sakuzimvetsa ndi masiku awiri amene ndinakhala chete aja.

Sanandichotse ntchito. Koma kuyambira pamenepo anasiya kutuluka panja, chakudya amangochilawa, ndipo sabata yachiwiri anagwa m'bafa. Mwana wawo wamwamuna anabwera pandege kuchokera kunja n'kuona mmene awondera. Akuti galuyo ndi amene ankawadzutsa m'mawa ndi kuwayendetsa, tsopano palibenso chowadzutsa. Waganiza zowapititsa kunyumba yosungirako okalamba, ino aigulitsa. Seputembala akatha ndilibe ntchito, ndilibenso pogona, ndipo ndi mapepala otherawa sindikufuna kuyambanso kugogoda m'mageti a anthu. Ndikubwera kumudzi mvula isanagwe, inshallah.

Pempho langa ndi limodzi. Muwauze ababa zonsezi ndisanafike. Ndamva kuti amanyadira kwa anzawo kumzikiti kuti mwana wawo amagulitsa nsalu ku Joni. Sindikufuna akazimvere kwa anthu obwerera kuchokera kuno, chifukwa alipo amene anandionapo pamsewu chingwe cha galu chili m'manja. Paja mlandu suwola. Musankhe tsiku limene adzuka bwino, alamu atapita kunyanja, muwauze muli awiri. Muwauzenso kuti swala sindinasiye. Akanena kuti ndisafikire pakhomo pawo mundidziwitse msanga, ndidzapitirire kwa azakhali ku Dwambazi.

Dzulo Madamu anayamba kulongedza katundu. Anandiitana kuchipinda kwawo n'kundipatsa thumba la zidole za Bisiketi zimene zidakali zolimba, atazitsuka okha chimodzichimodzi. Anati ndikapatse agalu a kwathu kunyanjako, koma ndikayang'ane kaye kukula kwa pakamwa pa aliyense, wamkulu ndisakamupatse chaching'ono. Ndinalandira ndi manja awiri. Sindinathe kuwauza kuti ku Nkhotakota kulibe galu ngakhale mmodzi amene ndimamudziwa dzina. Thumbalo lili pansi pa bedi langa, ndipo sindikudziwa ngati ndikwere nalo basi.

Mundiperekere moni kwa ababa, ngati angaulandire mutawauza. Moni kwa alamu, kwa amalume a kuboma ndi akazi awo, kwa Fahad ndi Ummy. Sabrina mumuuze kuti amayi ake akubwera, koma chifukwa chake musamuuze. Chimenecho ndidzamuuza ndekha, ndikumuyang'ana m'maso.

Mundikumbukire m'maduwa anu mukamapemphera.

Ndine mng'ono wanu,
Amira