Mpope wa Pamsika Wasiya Kudontha

Ababa, kodi mukukhala bwanji kumeneko? Ndine Teresa. Kuno tilipo ndithu, Mulungu akutisunga.

Ndiyambe ndi nkhani yabwino. Pathupi paja munandisiya napo panabadwa mwana wamwamuna, ndipo apadiri anamubatiza dzina lanu, Bonifasi. Amayi sangathe kulitchula dzinalo, amangomuitana kuti "amuna anga", iye n'kumaseka. Watenga makutu anu aja oimirira. Mkamwini wanu a Lukasi akuphunzitsabe kushikola ya kumishoni. Chimanga cha kumunda wa ku Domwe chinabereka bwino, nyembanso tinapeza, koma mbatatesi za kudimba zinapsa ndi chisanu. Mtengo wa mapichesi wa kuseri kwa nyumba unathyoka nthambi imodzi chifukwa cha kulemera, ana a oyandikana nawo anatithandiza kudya.

Achimwene a Yosefe kuno kulibe. Maliro anu atangotha anadutsa pa Kalomwe kupita ku Halale. Ankati inu mutachoka palibenso wowalembera kuti ali pantchito, ndiye asipayo, apolisi a boma aja, akanawatenga kukagwira chibalo kumsewu. Musawakwiyire, Ababa. Mukudziwa nokha kuti za mipope sankazikonda, ankangokutsatani chifukwa chokuopani. Anatumiza mawu kuti akuphika m'nyumba ya alendo ndipo ali bwino. Njinga yanu tinapatsa amalume. Bokosi la zitsulo linatsala pansi pa bedi la amayi.

Za maliro anu simunazione, ndiye ndikuuzeni. Mmwenye wa sitolo yaikulu anatseka chitseko tsiku lonse. Masisitere a kuchipatala anabwera, ndipo wamkulu uja analira poyera, akuti ndi iye anakutumani kukalowa m'tanki ya madzi m'mwezi wozizira, chibayo n'kukugwirani. Amayi anamuuza kuti ngakhale akanakuletsani mukanalowabe. Akazi a pamsika anabwera aliyense ndi mtsuko wa madzi pamutu mpaka tinasowa poika. Ena ankafunsana dzina lanu lenileni, poti tauni yonse inkangokudziwani kuti Amesitiri.

Tsopano nkhani yomwe ndakhalira pansi kuti ndikulembereni ndi ya mpope wa pamsika.

Ana a masiku ano amaganiza kuti mpopewo unangomera ngati bowa. Ine ndimakumbuka. Ndinali mtsikana pamene mng'ono wanga Rosa anamwalira ndi kamwazi, nthawi imene tonse tinkamwa madzi a kudambo, komwe ng'ombe zinkamwanso. Inu munali mutaphunzira kale ntchito kumishoni ku Lifidzi, mukulowetsa madzi m'nyumba za azungu, koma mwana wanu anafa ndi madzi a matope. Munapita kwa shefe wa boma wa nthawi imeneyo kukapempha mipope yotsala, yadzimbiri, imene inali itatayidwa kuseri kwa ofesi. Loweruka lililonse inu ndi amuna a kutchalitchi munkakumba ngalande kuchokera kutanki mpaka pamsika. Tsiku limene madzi anatuluka, anthu anavina, koma inu munangosamba m'manja n'kubwerera kunyumba kukadya.

Mvula ya chaka chino itayamba, mpopewo unayamba kudontha. Poyamba pang'onopang'ono, kenako usana ndi usiku osaleka. Panachita chithaphwi, nkhumba n'kumagonamo. Shefe amene alipo tsopano ndi watsopano, sakukudziwani. Anatuma msipayo kudzanena kuti madzi akuchepa m'tanki, ndipo ngati mpopewo sukonzedwa autseka. Mmisiri wa ku Tete ankayembekezeka mvula ikatha, komanso ankabwerera nyumba za boma zokha.

Akazi a pamsika anabwera kwathu, atatsogozedwa ndi Anaphiri ogulitsa nyemba aja. Anakhala pakhonde, ndipo Anaphiri anafunsa amayi kuti, "Kodi Amesitiri sanasiye munthu? Tibwererenso kudambo ndi ana athuwa?"

Amayi anangoyang'ana pansi. Ine ndinali nditakhala pakhomo ndikuyamwitsa Bonifasi. Ndinamuyang'ana, ndinaganiza za Rosa, ndipo ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti, "Ndikayesa ine."

A Lukasi sanakondwe nditawauza. Anati, "Anthu atiseka. Mkazi wa mphunzitsi ndi zitsulo pamsika?" Ndinawafunsa ngati angapite iwo. Anati sadziwa ngakhale kogwira shavi, chitsulo chanu chomasulira chija. M'mawa mwake ndinawapeza atatulutsa kale bokosi, alisenza paphewa, akundidikira panjira.

Tisananyamuke amayi anandiitana m'nyumba. Anandipatsa nsapato yanu yakumanzere, ya ku ntchito ija. Anati, "Bambo ako ankadula kachikopa ka m'kati mwa mpope pa nsapato zakutha. Tenga iyi, chikopa chake n'cholimba." Ndinkadziwa kuti ankaisunga pamodzi ndi korona wanu, koma sindinakane.

Pamsika panali anthu ambiri kuposa tsiku la msika. Ababa, musaseke. Ndinaiwala kuyamba ndatseka madzi kumtunda. Nditangomasula mutu wa mpope, madzi anandiwomba kumaso, duku n'kugwera m'matope. Amuna a pa njinga anaseka mpaka kugwira m'mimba. Mmodzi anati ndibwerere kukaphika. Anaphiri anamuyankha kuti ngati akudziwa bwino abwere adzagwire. A Lukasi anathamanga kukatseka pamene ndinawalozera, pansi pa mwala wafulati uja pafupi ndi mtengo wa bulugamu.

Kachikopa kakale kanali katatha, kanangotsala ngati ulusi. Ndinaika nsapato pamwala, ndinalemba mozungulira ndi msomali monga munkachitira, n'kudula ndi mpeni wanu. Koyamba kanakula. Kachiwiri kanalowa. Ndinakulunga khonje pomangira, n'kuyamba kumanga. Chifukwa cha manyazi ndinkafuna kukoka ndi mphamvu zonse kuti zithe msanga. Apo ndinakumbukira mmene munkauzira achimwene: "Yosefe, ukakwiya siya shavi pansi. Mkuwa ndi wofewa, umathyoka." Ndinapuma kaye, kenako ndinamanga pang'onopang'ono mpaka pamene dzanja linamva kuti pakwana.

A Lukasi atatsegula madzi, ndinatsegula mpope, madzi anatuluka. Ndinatseka, anasiya. Tonse tinangoima n'kumayang'ana kukamwa kwa mpopewo. Msipayo uja, amene anabwera kudzaonerera, anaika chikhatho pansi pake nthawi yaitali, anachiyang'ana, anachipukuta pa kabudula ngakhale chinali chouma, n'kumapita. Anaphiri ndi amene anayamba kutunga. Za kutseka sizinamvekenso.

Sindikufuna kukunamizani kuti ndalowa m'malo mwanu. Kuwotcherera sindidziwa, bomba yopopa madzi ya kuchipatala sindingaigwire, ndipo m'tanki a Lukasi anandiletseratu kulowamo. Koma masisitere andiitanako kale kukakonza mpope wa m'chipinda chochiriramo amayi, ndipo mmwenye uja anatumiza mkazi wake kudzandipempha. Ndimapita Bonifasi ali kumsana. Amalume akuti zimenezi si za akazi, akuti adzakambirana ndi achimwene akadzabwera. Koma amayi, ndikabwerako ndimapeza atandisungira madzi ofunda, monga ankachitira ndi inu.

Ndikagwira zitsulo zanu ndimaona pamene zala zanu zinasalalitsa. Dzanja langa ndi laling'ono, silifika bwino. Ndikanakonda ndikanakufunsani zambiri pamene munali moyo, koma ndani ankadziwa.

Sabata yatha ndinapita kumanda kukalambula. Mtanda wamtengo uja chiswe chaudya, wayamba kupendama. Kuseri kwa nyumba ndapeza zidutswa zinayi za mpope zimene munasiya, ndi cholumikizira chimodzi cha mbali zinayi. Ndayesa kale, zikugwirizana. Tsiku lokumbukira akufa lisanafike ndidzabwera ndi amayi ndi mdzukulu wanu, ndidzakumangireni mtanda wachitsulo ndi manja angawa. Mudzaone nokha ngati ndamanga bwino.

Mumupatse moni Rosa.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Teresa