Keke ya Ida pa Msewu wa Gorodi

Khondowe,
14 Julaye

Mwana wanga Monalisa,

Monire wa kuno kumapiri akupeze uli bwino kumeneko ku Blantyre. Bambo ako ali bwanji, shuga wawo uja watsikako? Nanga Walusungu, mkamwini wathu wa mawa? Ine ndilipo, kupatula bondo ili limene limandikumbutsa zaka zanga m'mawa uliwonse. Kuno kukuzizira chomene, nkhungu ikumachoka dzuwa litakwera kale.

Usadabwe kuti ndalemba kalata pomwe foni tili nazo. Ndakuimbira kawiri, ndipo kawiri konse tinangothera pa za nsalu ya operekeza akwati. Pali mawu amene akukana kutuluka pakamwa panga. Ndalemba m'Chichewa chifukwa Chitumbuka chako ndikuchidziwa, chimathera pa yewo.

Za keke ndavomera. Poti wasankha kukamangitsira ukwati ku Chiweta, m'tchalitchi momwe anamangitsira malemu mayi ako Ida, n'koyenera kuti keke ituluke mu sitovu yomweyo. Ndidzaphika ya nsanjika zitatu monga wapemphera, jamu wa magalagadeya pakati.

Koma tsiku lija, tikumaliza kulankhula, unaseka n'kunena kuti chinthu chimodzi chokha, keke yako asadzaikhudze asibweni ako a Hezron. Nane ndinaseka. Nditatseka foni ndinakhala pampando wa kukhitchini mpaka madzi amene ndinatereka anaphwa.

Agogo ako aakazi unawaona atakalamba kale, manja akunjenjemera. Sunawaone m'masiku awo. Ukwati uliwonse wa kuno, wa aphunzitsi, wa anamwino, wa ana a abusa, keke yake inkachokera m'khitchini mwathu. Sitovu ija ya nkhuni ilibe chopimira moto. Iwo ankangolowetsa mkono mu uvuni n'kumawerenga chamumtima, akatero adziwa ngati wakwana.

Ine ndi Ida ntchito yathu inali yotakasa batala ndi shuga m'beseni, mosinthana, mpaka mapewa kuwawa. Mayi ako ankatakasa akuimba nyimbo za kwaya, ndipo mthiko ukafika m'manja mwake shuga ankachepa modabwitsa. Asibweni ako ankawaza nkhuni panja n'kumadikira zokokota za m'chitini. Fungo linkafika mpaka kumsewu, moti odutsa ankadziwa kuti Loweruka kuli ukwati asanamve n'kulengeza komwe.

Kuphika agogo ako sankakuopa. Ankaopa ulendo. Ankati makeke onse amene anawaona atawonongeka anawonongekera panjira, choncho anali ndi malamulo awo. Keke igone tsiku lathunthu kuti izizire mpaka mkati. Ukaidula pakati, usanapake jamu, uyambe wamanga kampanda ka batala wolimba m'mphepete monse kuti jamu asapeze potulukira, ndipo jamuyo akhale wochepa, wongonyowetsa. Timitengo ta nsungwi tosongola ankatibaya kuchokera pamwamba mpaka pathabwa. Nsanjika iliyonse inkayenda m'katoni yakeyake, yoikidwa pansi m'galimoto, pa thaulo lonyowa kuti isatsetsereke. Pampando ayi, pamiyendo ayi. Kusanjikiza kunkachitikira komweko ku ukwati.

Zonsezi ndinkazidziwa ngati dzina langa.

Ukwati wa mayi ako unali mu Okutobala, chaka cha 1994. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Lachisanu agogo ako aakazi anatsikira ku Chiweta pamodzi ndi mkwatibwi kukayang'anira zophika, n'kundisiyira makeke atatu ataphika kale kuti ndimalize. Pakhomo anandibwerezera malamulo aja limodzilimodzi. Asibweni ako, amene anali atangotenga kumene laisensi, ndiwo ankayenera kunditsitsa Loweruka m'mawa pa Landirova imene agogo ako aamuna anabwereka kwa mnzawo.

Loweruka m'mawa, ndikudula kansanjika kapamwamba, kananyenyeka m'manja mwanga. Ndinakoleza moto n'kuphika kena mwachangu. Nthawi yoti kazizire panalibe.

Zikanathera pamenepo bwenzi ndikuti linali tsoka. Koma ine ndinkafuna anthu a ku Chiweta aone keke ikutsika m'galimoto ili chiimire, adziwe kuti waimaliza ndi Dorica. Panalinso mnyamata wina wa kwaya amene ndinkafuna andione, dzina lake lilibe ntchito tsopano.

Ndinasanjikiza zonse zitatu kunyumba. Jamu ndinakhuthula botolo lonse poti Ida ankamukonda. Kampanda sindinamange, batala anali atasungunuka ndi kutentha kwa sitovu. Timitengo ndinatisiya pawindo, kuopa kuti tiboola maluwa a aisingi amene ndinajambula pamwamba. Ndinavundikira ndi katoni yaikulu n'kutuluka nayo.

Asibweni ako anafunsa ngati siyofunika kuikidwa pansi monga amachitira amama. Ndinawayankha kuti iwo ayendetse galimoto, za keke asiyire eni ake. Ndinakhala kutsogolo nditaifungatira pamiyendo.

Msewu wa Gorodi unautsikapo kamodzi uli wamng'ono, kaya ukuukumbukira. Makona makumi awiri, miyala yokhayokha, mbali inayi phompho. Kumtunda tinanyamuka kuli kamphepo, koma kona iliyonse kutentha kunkawonjezeka. Asibweni ako ankayendetsa pang'onopang'ono, moti azimayi osenza nthochi ankangotsala pang'ono kutipitirira. Pamakona ena ankachita kubwerera kaye m'mbuyo kuti akhote mosagwedeza. Malaya awo atsopano a ukwati ananyowa ndi thukuta.

Tisanafike pakona yachisanu ndinamva kunyowa pa diresi. Ndinatukula katoni pang'ono n'kusuzumira. Jamu anali akuchucha m'mbali, nsanjika yapakati itapendekeka kale. Ndinatsitsa katoni n'kukhala chete. Tikanaima pamenepo, n'kuphwasula, mwina ikanapulumuka. Koma kuima kunali kuvomera zimene ndinachita.

Cha kumunsi, anyani anadumphira mumsewu. Asibweni ako anaponda buleki, pang'ono chabe, monga aliyense akanachitira. Nsanjika ziwiri zapamwamba zinatsetsereka n'kugwera kumapazi kwanga. Ndisanaganize n'komwe, ndinawakalipira kuti aponderanji buleki chotero.

Anaimitsa galimoto, anayang'ana pansi paja, n'kupepesa. Anapepesa mpaka ku Chitimba. Titalowa mumsewu wa tala anapitiriza kupepesa mpaka ku Chiweta.

Agogo ako aakazi anatichingamira kuseri kwa tchalitchi. Atavundukula katoni sanalire, sanakuwe. Anandifunsa ngati ndinabaya timitengo. Ndinati eya, tagwera m'galimotomo. Anafunsa za kampanda, ndinati ndinamanga. Anafunsa chifukwa chimene ndinasanjikizira kunyumba, ndinati kumbuyo kunadzaza mabenchi, malo a makatoni atatu panalibe. Asibweni ako anali ataima pambali, akubwereza kuti olakwa ndi iwo, anaponda buleki mwadzidzidzi.

Agogo ako anandiyang'ana nthawi yaitali. Sindikudziwa ngati anandikhulupirira. Sanandifunsenso mpaka tsiku limene anatisiya.

Anapempha mpeni ndi madzi otentha. Nsanjika yapansi anaisalaza bwinobwino, mabala ake n'kuwaphimba ndi maluwa ofiira a pampanda wa tchalitchi. Zidutswa zimene zinatsalira m'katoni anazigawa m'makapu n'kuthira kasitadi pamwamba, ndipo alendo ena ankaganiza kuti ndi mmene anakonzera. Chithunzi chija chili pabalaza panu, cha keke yaifupi yodzaza maluwa, ndi cha tsiku limenelo. Mayi ako atamva anaseka mpaka misozi, n'kunena kuti bola mwamuna wafika wathunthu. Sanakwiyire aliyense.

Amene anakwiya ndi agogo ako aamuna. Anachita manyazi pamaso pa akuchimuna. Phwando lili mkati, anthu akumva, anauza asibweni ako kuti munthu wolephera kunyamula keke sanganyamule wodwala.

Uyenera kudziwa kuti nthawi imeneyo asibweni ako ankalakalaka ntchito yoyendetsa ambulansi. Ndicho chifukwa chake anavutikira laisensi. Agogo ako anali atalonjeza kukawalankhulira kwa akuluakulu a chipatala, koma pambuyo pa ukwati sanapiteko, ndipo eni akewo sanakalembe n'kalata yomwe. Chaka chisanathe anasamukira ku Bolero, kukalima fodya ndi kuphunzira ukalipentala. Chiwongolero sanachigwirenso.

Nkhani ija inasanduka nthabwala ya pabanja. Pa ukwati uliwonse wina amayenera kunena kuti keke ibisidwe, a Hezron afika. Iwonso amaseka nawo. Iwe unabadwa n'kuipeza nthabwalayi, choncho sindikukuimba mlandu.

Ndinkati ndidzanena ukwati ukazizira. Kenako ndinkati ndidzanena agogo ako aamuna mtima ukatsika. Chaka chilichonse zinkavutirapo. Makeke amene ndanyamula kuchokera tsiku limenelo ndi mazanamazana, ndipo palibe imodzi imene inagwa. Anthu amandiyamikira kuti ndinatengera amama kusamala. Adada anapita, amama anapita. Ida akudwala ndinakhala naye masabata atatu, tikukumbutsana za khitchini ija, ndipo mawu anafika pakhosi kangapo. Nayenso anapita asanadziwe.

Lachiwiri la sabata yatha ndinapita ku Bolero. Ndinatsikira ku Rumphi boma, n'kukwera pikiapu yodzaza matumba a feteleza. Asibweni ako ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango, akupala chitseko. Akalamba, Monalisa. Tsitsi layera lonse, ndipo poyeza thabwa amachita kuyandikiza nkhope. Atandiona anadzidzimuka, kuganiza kuti kwagwa zovuta.

Ndinakana mpando. Ndinawauza zonse ndili chiimire, za jamu, za timitengo pawindo, za kunyowa kumene ndinamva pakona yachisanu.

Ndinkayembekezera kuti anena kuti ankadziwa kale. Moona mtima ndimo ndinkadzitonthozera zaka zonsezi, kuti mwina anaona n'kungondikhululukira mwakachetechete. Sizinali choncho. Anaika pansi chopalira chija n'kundipempha kuti ndibwereze. Ndinabwereza.

Anati kwa zaka makumi atatu akhala akuliona phazi lawo likuponda buleki mwamphamvu, ndipo akhala akudzifunsa chimene chinawachititsa mantha ndi anyani wamba. Anandifunsa kawiri ngati ndikutsimikiza kuti anaponda pang'ono. Ndinati ngakhale madzi a m'kapu sakanatayika.

Anakhala pa chitseko chija. Kenako anati za ambulansi alibe nazo kanthu, moyo wa ku Bolero wawalerera ana ndipo sadandaula. Chimene chikuwapweteka n'chakuti adada analowa m'manda akuwayesa munthu wosasamala.

Akazi awo a Isabella anabweretsa tiyi, tinamwa awiri. Asibweni ako anabwerera ku ntchito yawo. Pochoka sanandiperekeze kumsewu, chinthu chimene sanachitepo chibadwire changa.

Ndinabwerera kuno ndikuganiza kuti ndataya mlongo mmodzi yekhayo amene wanditsalira.

Loweruka masana foni inalira. Anali iwo. Sanapereke moni. Anafunsa kuti zitini zimene ndidzaphikire keke yako ndi zazikulu bwanji. Ndinatenga tepi n'kuyeza, iwo akudikira. Anati makatoni a masiku ano ndi ofewa, akhoma mabokosi atatu a matabwa, otsekulira kumbali kuti keke izilowa mokoka, osati moponya kuchokera pamwamba. Anafunsanso ngati nsungwi zilipo kuno kapena adule za kwawoko. Atatero anadula foni.

Zoti andikhululukira sananene, ndipo ine sindikuwakakamiza.

Tsopano ndili ndi zopempha ziwiri, mwana wanga.

Choyamba, Lachisanu la sabata ya ukwati, abale akadzasonkhana ku Chiweta, undilole ndidzaime ndinene zimene ndalemba muno. Sindikufuna kudetsa chisangalalo chako, n'chifukwa chake sindikupempha tsiku lenilenilo. Koma mawu aja ananenedwa pagulu, ndipo ena mwa amene anawamva akadali moyo. Ukaona kuti n'zolemetsa, undiuze mosabisa, ndidzapeza tsiku lina. Kungoti sindikufunanso kudikira maliro.

Chachiwiri, uwaitane wekha asibweni ako. Khadi analandira, koma a Isabella anandinong'oneza kuti ankafuna kudzanamizira ntchito za fodya kuti asabwere, chifukwa atopa nako kuseka. Galimoto sangayendetse, maso sakuwalola. Adzayendetsa ndi mwana wa a neba athu, ndipo tidzanyamuka dzuwa lisanatenthe, nsanjika iliyonse m'bokosi lake. Koma ndikufuna adzagone kuno Lachisanu lisanafike, titsikire limodzi, iwo kutsogolo, ine kumbuyo ndi mabokosi. Tikakafika, keke ikadzasanjikizidwa, ndikufuna adzainyamule ndi iwo kulowa nayo mu holo, anthu onse akuona.

Mauthenga a pafoni sawerenga, uchite kuwaimbira, makamaka masana akamapuma. Usayambe ndi za keke. Uwafunse za maso awo, uwauze za Walusungu, uwalole akufunse mafunso awo ambirimbiri aja. Kenako uwauze kuti mwana wa Ida akuwafuna.

Bambo ako ukhoza kuwawerengera kalatayi. Anali mkwati tsiku limenelo, ayenera kudziwa. Uwapatse moni, pamodzi ndi Walusungu ndi makolo ake. Chiuta akusunge, akupatse mtima wodekha m'masabata otanganidwa akubwerawa.

Za ine uganize zimene ungaganize, ndidzazilandira. Koma asibweni ako uwaimbire sabata ino.

Ndine mayi ako aang'ono,
Dorica