Chiwaya cha Mlamu Wako

Msuweni wanga wadazi,

Ndikhulupirira uli bwino, kupatula nkhope ija yomwe ilibe mankhwala. Ife tilipo, kungoti mlamu wako akadali m'chipatala. Akuti akupumulako phokoso langa.

Mapoto anga achitsulo akalekale aja afika khumi ndi anayi. Wina ndam'tola kwa wogula zitsulo zakutha, wa miyendo itatu, wolemera ngati iwe ukakhuta. Koma onsewo safika pa chiwaya cha mlamu wako, chakuda bii, chosalala moti dzira limatsetsereka lokha. Zaka makumi anayi akhala akuchipaka mafuta chikadali chotentha, sopo osachikhudza.

Ndiye ine ndinati ndiwasangalatse, ndinachikwecha ndi mchenga mpaka mbee. M'mawa mwake dzimbiri lokhalokha. Nditakaulula kuchipatalako, ndinkadikira kulalatiridwa. Iwo anangoseka, nati, "Bambo, khalani apa ndikuphunzitseni, kuti muzidzatha nokha." Anandilembetsa papepala, n'kundibwerezetsa kawiri.

Msuweni, mayi amenewa sanandilolepo kugwira chiwaya chawo. Ndachipaka katatu, chayamba kuda. Bwera udzachione mwezi uno, usadikire wamawa. Ukatsika basi, uyambire kuchipatala.

Ndine msuweni wako wokongola kuposa iwe.