Mimba ya Alamu Anu Inauma Ngati Thabwa

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi banja lonse. Kuno ku Nachisaka ana ali bwino, koma ine thupi latheratu.

Zilonda za m'mimba za bambo a Tadala zija zinatsala pang'ono kutilanda munthu. Tikusankha fodya m'chigafa, anangokhala pansi n'kunena kuti, "Mayi a Tadala, kupweteka kwa leroku n'kwachilendo." Thupi linatentha, anayamba kusanza, mimba inatupa n'kuuma ngati thabwa moti sankalola kuti ndiikhudze. Anansi anatithandiza kutsika nawo phiri pamachira mpaka pamsewu.

Kuchipatala adokotala anandiuza kuti chilonda chinaboola chifu, zam'katimo zinatayikira m'mimba n'kuyambitsa mafinya. "Mukanagona nawo kunyumba, mukanawataya," anatero. Anawachita opaleshoni, ndipo mpaka pano ali ndi kapaipi kotulutsa zoipazo.

Ine ndikugona pasimenti pambali pa bedi lawo, msana wonse kuphwanya. Dzulo anamwako phala pang'ono osasanza, ndinalira osadziwa.

Chonde muwaimbire foni, amakufunsani akangotsegula maso. Muzitipempherera, mphamvu zanga zatsala zochepa. Mulungu akusungeni kumeneko.

Ndine mlongo wanu,
Esinati