Chithunzi Changa Pakhoma la Hotela

Chinsapo, Lilongwe
17 Ogasiti 2008

Okondedwa achemwali,

Muli bwanji ku Chiradzuluko? Nanga mayi, chifuwa chija chinaleka? Ife kuno tilipo, kungoti parafini wakweranso, moti makasitomala anga ena ayamba kugula wongokwana pachivindikiro cha botolo.

Koma nkhani imene ndakulemberani ndi ya mng'ono wanga Herbert, mlongo wanu wophunzira uja. Mtima wanga ukuwira mpaka lero.

Sabata yatha anandiitanira ku msonkhano wa anthu ophunzira kuhotela ina m'tauni, akuti ndikamve mmene amayankhulira. Ndinatseka benchi yanga yogulitsirapo parafini, n'kuvala jekete ya malemu bambo, n'kukakhala kumbuyo ndikunyadira ngati msonkhanowo ndi wanga.

Kuyankhula ndiye amatha, apo sindingamunamizire. Anafotokoza za nkhondo ya ku Iraq, za China amene akulimbirana ndi Amereka mafuta a ku Angola, za makampani akuluakulu amene amanenepa mtengo ukakwera, pamene ife opanda doko timangodikira mathanki ochokera ku Beira. Ine ndinkangovomereza ndi mutu.

Kenaka anawalitsa chithunzi pakhoma. Achemwali, ndinali ine! Nditanyonyomala pabenchi panga, malaya ong'ambika kukhwapa, fanulo ili m'manja. Anandijambula tsiku limene anadzadya kwathu, akuti chithunzicho atumiza kwa mayi. Anauza anthu onsewo kuti uyu ndi bambo wina amene anakumana naye pa kafukufuku, munthu wosadziwa n'komwe kumene kuli Iraq, koma kapitalizimu yamuponda pakhosi. Anthu anaomba m'manja. Ine amene wailesi sichoka pakhutu? Ine amene ndinamuphunzitsa mayina a mayiko pa mapu a m'golosale ya a Saulos, iye akadali ndi mamina?

Nthawi ya tiyi mayi wina wachizungu anandizindikira, n'kufunsa Herbert ngati ndi iye anandiitana. Herbert anayankha m'Chingerezi kuti ndine mmodzi mwa anthu ake a kafukufuku. Amayesa sindinamve. Tiyi ndinamusiya pomwepo, n'kuyenda wapansi mpaka ku Chinsapo.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Chinkhoswe chake ndi Thandie wa ku Area 47 chili mu Okutobala. Muwauze amalume a Malizani kuti miyendo yawo ija asaivutitse ndi basi, unkhoswe andisiyire ine. Mayi musawauze kanthu, angadwale nazo.

Mwambo wake mukuudziwa: amatulutsa anyamata atawafunditsa zitenje, nkhoswe n'kuloza wake pamaso pa akuchikazi. Ndidzavala malaya ong'ambika omwe aja. Akadzamuvundukula, apongozi ake a masuti ali chete, ndidzamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, ndiye ndidzati, "Pepani, uyu si wathu. Ndi bambo wina amene ndinakumana naye pa kafukufuku."

Tambala wokapereka kuchikazi ndidzabwerera naye kuno, ana adye. Ngati Herbert akufuna ndidzamuloze, abwere pabenchi pano Okutobala asanafike, anene pamaso pa makasitomala anga kuti ine ndine ndani wake.

Mundiperekere moni kwa mayi, alamu anga a Greyson, azakhali ndi ana onse. Alamu anu a Dorica akuti ndikuonjeza, koma malaya aja awabisa kale kuti asasokedwe.

Ndine mlongo wanu,
Levi,
amene akudziwa kumene kuli Iraq.