Nyimbo ya Amayi Anaithimitsa

Okondedwa azakhali a Eulalia,

Ndikhulupirira miyendo yasiya kukuvutani. Kuno ku Guadalajara ndikuimbabe m'misonkhano ya okonda makatuni, wigi ya buluu ili kumutu. Loweruka, nditatha nyimbo zawo za m'makatuni, ndinayamba ija ndinapekera malemu amayi. Chimunthu chandevu zake, chitavala ngati chinjoka, chinakuwa kuti, "Iwe, kuno si kumaliro!" Holo yonse inafa nako kuseka, okonza msonkhano n'kundithimitsira maikolofoni. Kenako anthu omwe ankasekawo anaima pamzere kuti ajambulitse nane. Palibe anandifunsa dzina.

Fermín, wondiimbira gitala uja, sakuyankhanso foni. Diresi ya pasiteji nayo yayamba kundithina pamimba. Kodi m'kachipinda kanu kakuseri kaja mulibe munthu? Ababa musawauze kaye.

Ndine mwana wanu,
Nayeli